Kadinala Richelieu ndi Ulendo wa Dzina Lake

Amene anakhalako ku South Africa angakumbukire kuti m'malo ogulitsira zakumwa zaukali mumapezeka botolo la burande lolembedwa kuti Richelieu. Munthu wa ku Canada akamva dzina lomwelo amaganiza za mtsinje wa m'chigawo cha Quebec, wa ku Odesa m'dziko la Ukraine amaganiza za chifanizo chamkuwa chimene chinaima pamwamba pa masitepe otsikira kudoko, pamene Mfalansa wolowa m'sitolo amatchula dzinali pofuna nsapato zazingwe zovalira suti. Dzinali poyamba linali la kamudzi kosadziwika, ndipo amene analikweza mpaka kufika kutali chonchi anali wansembe, munthu amene malamulo a mpingo sanamulole kukwatira, choncho analibe mwana woti adzamulowe dzina. Iye ankadziwa bwino za vuto limeneli, ndipo analikonzekera mwakhama monga mmene ankakonzekerera nkhondo.

Wansembeyo, Armand Jean du Plessis, amene anadzatchuka ndi dzina loti Kadinala Richelieu, anabadwira ku Paris pa 9 Seputembala 1585. Richelieu anali malo a makolo ake, m'malire a zigawo za Poitou ndi Touraine. Bambo ake, François du Plessis, anali ndi udindo kunyumba yachifumu, koma anamwalira mu 1590 akusiya mkazi, ana ndi ngongole zambiri. Chimene chinkagwiriziza banjali chinali dayosizi ya Luçon, imene Mfumu Henri III inapereka kwa iwo ngati mphotho, chifukwa masiku amenewo mfumu ndiyo inkasankha maepiskopi, ndipo ndalama za dayosizi zinkathandiza banja la amene wapatsidwa mpandowo. Mpando wa ku Luçon unkasungidwira mkulu wake Alphonse, koma iyeyo anaukana n'kukalowa m'chipani cha amonke a Carthusian. Armand, amene ankaphunzira kukwera hatchi ndi kugwira lupanga kuti adzakhale msilikali, anauzidwa kuti asiye zimenezo ayambe maphunziro a zaumulungu, kuopa kuti dayosizi ingachoke m'manja mwa banja. Popeza anali asanakwanitse zaka zoyenera, anapita yekha ku Rome kukapempha chilolezo kwa Papa, ndipo anadzozedwa kukhala episkopi mu Epulo 1607 ali ndi zaka 21. Unsembe wake tsono unayambira pa ngongole za pakhomo. Komabe tisamunamizire kuti anali episkopi wa dzina lokha, pakuti ku Luçon, dera losauka lamadambo, anayendera maparishi, anakonza maphunziro a ansembe, ndiponso analembera anthu a dayosiziyo buku la katekisimu limene linawerengedwa kwambiri.

Mwayi wolowa m'ndale unabwera Mfumu Henri IV itaphedwa mu 1610. Mwana wake, Louis XIII, anali ndi zaka 8 zokha, motero mayi ake, Marie de' Medici, ndiwo anagwirizira ufumu, modalira kwambiri Mtaliyana wina dzina lake Concino Concini. Pa msonkhano waukulu wa nthumwi za dziko lonse umene unayamba mu 1614, episkopi wachinyamata wa ku Luçon anasankhidwa kulankhula m'malo mwa atsogoleri a mpingo, ndipo mayi a mfumu anamuona. Mu 1616 anakhala nduna, koma sizinakhalitse. Mu Epulo 1617 mfumu yachinyamata ija, itatopa ndi kulamulidwa, inalola kuti Concini awomberedwe pakhomo la nyumba yachifumu ya Louvre, ndipo onse amene anakwera ndi Concini anagwa naye limodzi. Richelieu anathamangitsidwa mpaka kukakhala ku Avignon. Chimene chinamubweza chinali chakuti mfumu ndi mayi ake anayambana mpaka kutumizirana asilikali, ndipo panalibe mkhalapakati wina amene mayiwo ankamumvera. Anapatsidwa chipewa chofiira cha ukadinala mu 1622, analowa m'bwalo la alangizi a mfumu mu Epulo 1624, ndipo pofika mu Ogasiti chaka chomwecho ndiye anali nduna yaikulu, udindo umene anausunga zaka 18 kufikira imfa yake.

Kuti timvetse zimene anachita, tiyenera kuchotsa m'maganizo chithunzi cha dziko monga tilidziwira lero, lokhala ndi boma limodzi, gulu limodzi lankhondo ndi lamulo limodzi. France ya mu 1624 inali ndi mfumu, koma inalinso ndi akalonga ndi akuluakulu a mabanja apamwamba amene anali ndi malinga awo ndi asilikali awo, ndipo akakwiya ankatha kugalukira mfumu kenaka n'kulandira malipiro kuti akhale chete. Munalinso Apulotesitanti, otchedwa Mahuguenot, amene lamulo la ku Nantes la mu 1598 linawapatsa ufulu wopembedza pamodzi ndi mizinda ya malinga yodzitetezeramo. Kunja, banja lachifumu la Habsburg linkalamulira Spain, chigawo cha Netherlands cha kummwera, mbali zina za Italy ndiponso ufumu waukulu wa ku Germany, kotero kuti France inali ngati munda wozunguliridwa ndi minda ya munthu mmodzi. M'buku lake la malangizo a ndale, Testament politique, limene linasindikizidwa mu 1688 iye atamwalira kalekale, Richelieu analemba kuti analonjeza mfumu zinthu zinayi, zomwe ndi kuthetsa chipani cha Mahuguenot, kutsitsa matama a akuluakulu, kubwezera anthu onse pansi pa ulamuliro wa mfumu, ndi kukweza dzina la mfumuyo pakati pa mayiko ena. Mawuwa analembedwa ntchito yambiri itachitika kale, ndiye n'zotheka kuti akuonetsa dongosolo losalala kuposa mmene zinthu zinayendera, chifukwa zaka zambiri Richelieu ankangozimitsa moto umene wabuka tsikulo.

Moto woyamba waukulu unali ku La Rochelle, mzinda wolemera wa padoko la kunyanja ya Atlantic, likulu lenileni la Mahuguenot. Mu 1627 Angerezi, motsogozedwa ndi nduna ya mfumu yawo yotchedwa Duke of Buckingham, anatsikira pa chilumba cha Ré chapafupi ndi mzindawo, ndipo anthu a mu La Rochelle anagwirizana nawo. Asilikali a mfumu anazinga mzindawo kumtunda ndi mizere ya maenje ndi malinga, koma kunyanja kunali kotseguka, ndipo malinga ngati zombo za Angerezi zikanatha kulowa ndi chakudya, kuzingako kunalibe phindu. Apa ndi pamene Richelieu analamula kuti pakamwa pa dokolo pamangidwe khoma la mamita pafupifupi 1,400. Amisiri anamiza zombo zakale zodzaza ndi miyala kuti zikhale maziko, anaunjika miyala ina pamwamba, anazika mitengo yosongoka, n'kusiya mpata waung'ono pakati kuti madzi azidutsa akamadzaza ndi kuphwa, ndipo mpatawo unkalonderedwa ndi mizinga. Kawiri konse mu 1628 zombo za Angerezi zinafika, zinaona khomalo, n'kubwerera osapyola. Mkati mwa mzinda anthu anadya mahatchi, agalu, makoswe, kenaka zikopa zowiritsa. Meya wawo, Jean Guiton, anakana kugonja kufikira pa 28 Okutobala 1628, patatha miyezi 14. Mwa anthu pafupifupi 27,000 amene anali mumzindawo, otsala ndi moyo anali pafupifupi 5,000. Pa 1 Novembala Kadinala, amene miyezi yonseyo ankayendera asilikali atavala zankhondo, anachita mwambo wa Misa mumzinda wogonjawo.

Chimene chinatsatira ndicho chimaulula maganizo a munthuyu. Ambiri mwa Akatolika olimbikira ankayembekeza kuti tsopano chipembedzo cha Mahuguenot chithetsedwa. Koma pangano la ku Alès la mu 1629 linawalanda malinga, asilikali ndi misonkhano yandale, n'kuwasiyira matchalitchi awo ndi ufulu wopembedza. Richelieu ankafuna ndithu kuti Mahuguenot adzatembenuke, ndipo analembapo mabuku otsutsa chiphunzitso chawo, koma chimene sankapirira chinali boma lina mkati mwa boma. Munthu apemphere mmene akufunira, koma mfuti zikhale za mfumu yokha.

Akuluakulu a mabanja apamwamba anakumana ndi dzanja lomwelo. Mu 1626 mfumu inalamula kuti malinga a mkati mwa dziko amene sanali ofunika poteteza malire agumulidwe, ndipo inakhwimitsa lamulo loletsa mchitidwe wothetsa mkangano pomenyana ndi malupanga awiriawiri, umene unkapha anyamata ambiri a m'mabanja otchuka. François de Montmorency-Bouteville, amene anali atamenyapo nkhondo zotere zoposa 20, anafuna kuonetsa kuti lamulolo silimukhudza, ndipo anakamenyana masanasana pabwalo la Place Royale pakati pa Paris. Mu Juni 1627 anadulidwa mutu, ngakhale kuti abale ake olemekezeka anagwada kupempha chifundo. Patapita zaka zisanu, Henri de Montmorency, mkulu wa chigawo cha Languedoc ndiponso mmodzi wa anthu apamwamba kwambiri m'dziko, anaphedwa chimodzimodzi ku Toulouse chifukwa chothandiza kuukira kwa mng'ono wa mfumu, Gaston d'Orléans. Gaston ameneyu anali gwero la ziwembu zambiri, pakuti mfumu inakhala yopanda mwana wamwamuna kufikira mu 1638, ndipo aliyense wodana ndi Kadinala ankayang'ana kwa mlowam'malo. Popeza magazi achifumu sankakhetsedwa, Gaston ankapepesa n'kukhululukidwa, ndipo amene ankafa anali anzake omutsatira.

Mphamvu zonsezi zinali zobwereka. Richelieu analibe chipani kapena anthu omusankha, ndipo ankaima pa chikhulupiriro cha munthu mmodzi, Louis XIII, mfumu yokayikakayika, yodwaladwala ndi yansanje pa ulemu wake. Paja amati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma tsiku lina mu Novembala 1630 mphezi inatsala pang'ono kumugwera. Marie de' Medici, amene anamukweza uja, anali atamuda kwambiri, ndipo pamodzi ndi nduna yosunga chidindo cha boma, Michel de Marillac, ankafuna kuti France ipange mtendere ndi Spain yachikatolika ndi kupeputsa misonkho. Mayiwo anaitanira mwana wawo m'chipinda cha kunyumba yawo ya ku Paris yotchedwa Luxembourg, atalamula kuti zitseko zitsekedwe. Richelieu, amene ankaidziwa bwino nyumbayo, analowera kukhomo lakumbuyo limene linaiwalika, n'kungotulukira pakati pawo. Mayiwo anamulalatira pamaso pa mfumu ndi kuuza mwana wawo kuti asankhe pakati pa mayi ake ndi wantchito. Kadinala anagwada akulira. Mfumu inatuluka osanena kanthu n'kupita ku Versailles, kumene panthawiyo kunali kanyumba kogonamo pokasaka nyama. Anthu a kunyumba yachifumu anathamangira kukayamikira mayi a mfumu, ndipo Richelieu anayamba kulongedza katundu. Madzulo ake uthenga unafika woti mfumu ikumufuna ku Versailles, ndipo kumeneko inamutsimikizira kuti ipitiriza kugwira naye ntchito. Afalansa amalitcha tsikuli Journée des Dupes, kutanthauza tsiku la opusitsidwa. Michel de Marillac anafera m'ndende, mbale wake Louis, mkulu wa asilikali, anadulidwa mutu mu 1632, ndipo Marie de' Medici anathawira kunja mu 1631 n'kukafera ku Cologne mu 1642 osaonananso ndi mwana wake.

Tsiku limenelo silinali la mkangano wa pabanja chabe, chifukwa ndilo linasankha njira ya dziko. Ku Germany kunali nkhondo imene inayamba mu 1618 ndipo inatenga zaka 30, pakati pa mfumu yaikulu ya banja la Habsburg ndi akalonga achipulotesitanti. Kadinala wa Mpingo wa Katolika, yemwe uja anapha Apulotesitanti ndi njala ku La Rochelle, anasankha kuthandiza Apulotesitanti a kunja. Pa pangano la ku Bärwalde mu Januwale 1631, France inalonjeza kupatsa Mfumu Gustavus Adolphus ya ku Sweden, ya mpingo wa Lutheran, ndalama za ku France za nthawiyo zokwana malivre 1 miliyoni chaka chilichonse kuti isunge asilikali 36,000 ku Germany. Kumenya nkhondo ndi manja a ena kutalephera, France inalengeza nkhondo ndi Spain mu Meyi 1635. Maganizo amene anali kumbuyo kwa zimenezi amatchedwa raison d'État m'Chifalansa, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti boma lili ndi zofuna zake zimene wolamulira ayenera kuziika patsogolo pa chibale, chipembedzo, ngakhalenso chifundo. Mawuwa sanayambe ndi Richelieu, pakuti Ataliyana anali atalemba kale za iwo, koma iye ndiye anawasandutsa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Iye mwini sankaona kuti akuchimwira mpingo, chifukwa ankati banja la Habsburg likugwiritsa ntchito chipembedzo ngati chophimba pofuna kumeza Ulaya yense. Womuthandiza wake wamkulu pa zokambirana zachinsinsi anali wansembe wa chipani cha Capuchin, Bambo Joseph, amene ankavala mkanjo wotuwa. Popeza makadinala amalemekezedwa ndi mawu akuti Éminence, anthu anayamba kumutcha Bambo Joseph kuti éminence grise, wolemekezeka wotuwa, ndipo mpaka lero mawuwa amanena za munthu amene amayendetsa zinthu kuseri osaonekera.

Nkhondo sinayambe bwino. Mu 1636 asilikali a Spain analanda Corbie, mtunda wosafika makilomita 150 kuchokera ku Paris, ndipo anthu ambiri anathawa mu likululo. Zinthu zinadzasintha pambuyo pake, koma mtengo wake unagwera alimi. Msonkho waukulu wotchedwa taille sunkakhudza ansembe ndi mabanja apamwamba, ndiye kukwera kulikonse kunkagwa pamsana pa osauka. Pofuna kuti ndalama zitoleredwe, boma linadalira kwambiri nthumwi zotchedwa intendants, anthu otumidwa ndi mfumu kuzigawo amene akanatha kuchotsedwa tsiku lililonse, mosiyana ndi akuluakulu ena amene ankagula maudindo awo n'kumawasiyira ana. Mu 1636 ndi 1637 alimi a kummwera chakumadzulo, otchedwa Croquants, anaukira. Mu 1639 ku Normandy kunabuka kuukira kwa Nu-pieds, kutanthauza oyenda opanda nsapato, kumene kunayamba ndi anthu ophika mchere m'mbali mwa nyanja atamva mphekesera yoti msonkho wa mchere ufika kwawo. Asilikali anatumizidwa, anthu anapachikidwa, mizinda inalipitsidwa. Amene amatamanda Richelieu kuti anamanga France amakonda kudutsa msanga pa zaka zimenezi, koma kwa mlimi wa ku Normandy boma latsopanoli linafika ngati wokhometsa msonkho wobwera ndi msilikali kumbuyo.

Mbali ina ya ntchito yake inali ya cholembera, ndipo ndiyo yakhalitsa kuposa malinga. Mu 1631 anathandiza Théophraste Renaudot kuyambitsa La Gazette, nyuzipepala yotuluka mlungu uliwonse, imene nthawi zina inkasindikiza nkhani zolembedwa ndi Kadinala kapena mfumu yomwe. Atamva kuti kagulu ka alembi kamakumana mwakachetechete kunyumba ya Valentin Conrart, anakapempha kuti kakhale pansi pa chitetezo chake, pempho limene panalibe amene akanalikana, ndipo mu 1635 kanasanduka Académie française, bungwe la mipando 40 loyang'anira chiyankhulo cha Chifalansa. Amalawi amene akukumbukira Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, sangadabwe ndi ganizo lakuti boma likhale ndi bungwe lonena kuti mawu awa ndi oyenera, awa ayi. Mtanthauziramawu woyamba wa bungwe la ku France unatuluka mu 1694, patatha zaka pafupifupi 60, ndipo bungwelo lilipobe. Mayi woyamba kusankhidwa kuti alowemo anali Marguerite Yourcenar mu 1980, ndipo munthu woyamba wa mu Africa anali Léopold Sédar Senghor, mtsogoleri wakale wa Senegal, amene anasankhidwa mu 1983.

Munthu amene ankalalikira kuti zofuna za boma ziposa za banja sanaiwale banja lake. Anasonkhanitsa maudindo, nyumba za amonke zobweretsa ndalama ndi minda yambiri, mwakuti pomwalira chuma chake chinali pafupifupi malivre 20 miliyoni. Mu 1631 mfumu inakweza malo a makolo ake kuti mwini wake azitchedwa Duke wa Richelieu, dzina laulemu lapamwamba kwambiri pakati pa akuluakulu a dziko, ndipo katswiri wa zomangamanga Jacques Lemercier anamumangira kumeneko nyumba yaikulu ngati yachifumu pamodzi ndi tauni yatsopano ya misewu yowongoka, yozunguliridwa ndi linga, imene inapatsidwa dzina lake. Lemercier yemweyo anamanga Palais-Cardinal ku Paris, nyumba imene Richelieu anaisiyira mfumu ndipo lero imatchedwa Palais-Royal, komanso tchalitchi cha pasukulu ya Sorbonne chimene Kadinala anachikonza kuti chidzakhale manda ake. Funso la wolowa dzina analithetsa mu wilo yake. Udindo wa Duke anausiyira Armand Jean de Vignerot, mdzukulu wa mlongo wake Françoise, polamula kuti mnyamatayo atenge dzina la du Plessis de Richelieu. Kwa Achewa, amene dzina la ufumu limatsata mbumba, zoti mwana wa kwa mlongo alowe dzina la malume si zachilendo, koma ku France, kumene maina ankatsata abambo, zinafunika mapepala a lamulo.

Chaka cha 1642 chinamupeza atatheratu ndi matenda, ali ndi zilonda zimene zinaumitsa dzanja lake lamanja. Chiwembu chomaliza chinachokera kwa Cinq-Mars, mnyamata amene Richelieu mwini anamuika pafupi ndi mfumu. Mnyamatayo anapangana mwachinsinsi ndi Spain. Akazitape a Kadinala anapeza kope la panganolo, ndipo Cinq-Mars anadulidwa mutu ku Lyon pa 12 Seputembala ali ndi zaka 22. Pobwerera ku Paris Richelieu sankatha kukhala tsonga, motero alonda ake ankamunyamula pa machira aakulu ngati kachipinda, ndipo kumene khomo linali lochepa ankaboola khoma kuti machirawo alowe. Anamwalira pa 4 Disembala 1642 ali ndi zaka 57, atalangiza mfumu kuti idalire womuthandiza wake, Kadinala Mazarin. Louis XIII anamutsatira mu Meyi 1643. Zipatso za nkhondo anakolola ndi Mazarin, pa mtendere wa ku Westphalia mu 1648 ndi wa ku Pyrenees mu 1659, pamene France inatuluka ili dziko lamphamvu kwambiri ku Ulaya.

Olowa dzina analitengera mbali zimene mwini wake sakanaganiza. Duke wachitatu, Louis François Armand, amene anabadwa mu 1696 n'kumwalira mu 1788, anali mkulu wa asilikali amene analanda chilumba cha Minorca kwa Angerezi mu 1756, koma anatchuka kwambiri ndi nkhani za akazi, ndipo anatsekeredwa m'ndende ya Bastille katatu. Mdzukulu wake, Armand-Emmanuel, anali munthu wamtundu wina. Atathawa chipwirikiti cha kusintha kwa boma chimene chinayamba mu 1789, anakatumikira Russia, ndipo mu 1803 Mfumu Alexander I inamuika kukhala bwanamkubwa wa Odesa, doko laling'ono la pa Black Sea. Pa zaka 11 analisandutsa mzinda waukulu wamalonda, ndipo mliri utagwa mu 1812 iye sanathawe. Atabwerera kwawo anakhala nduna yaikulu ya France kawiri, kuyambira mu 1815 mpaka 1818 komanso mu 1820 ndi 1821, ndipo ndiye anakambirana kuti asilikali a mayiko amene anagonjetsa Napoleon achoke m'dzikomo nthawi yoikika isanakwane. Chifanizo chake ku Odesa chinaimikidwa mu 1828, ndipo mu 2022 anthu a mumzindawo anachikwirira ndi matumba a mchenga pochiteteza ku mabomba a Russia. Nayenso anamwalira wopanda mwana mu 1822, ndipo dzina linadutsanso kwa mwana wa mlongo wake.

Kutsidya kwa nyanja dzinali linafika kudzera m'makampani a atsamunda. Mu 1627 Richelieu anakhazikitsa kampani ya anthu 100 yoti ikhazike Afalansa 4,000 ku Canada pa zaka 15, Akatolika okhaokha, ngakhale kuti zombo zake zoyamba zinalandidwa ndi Angerezi mu 1628. Mu 1642 linga lotchedwa Fort Richelieu linamangidwa pamene mtsinje wochokera ku nyanja ya Champlain umathira mu St Lawrence, ndipo mtsinjewo, umene Afalansa poyamba ankautchula ndi dzina la anthu a mtundu wa Iroquois, unatenga dzina la lingalo. Kampani ina imene iye anali ndi gawo, ya zilumba za ku America, ndiyo inalanda Guadeloupe ndi Martinique mu 1635, zilumba zimene m'zaka zotsatira zinadzaza ndi minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Popeza iye ndiye anayamba kumanga mwadongosolo gulu lankhondo la pamadzi la France, zombo zingapo zankhondo zapatsidwa dzina lake. Chotchuka kwambiri chinali cha mizinga isanu ndi itatu ikuluikulu chimene chinathawira ku Dakar mu Juni 1940 pamene Germany inkalanda France, chinamenyana ndi Angerezi padoko lomwelo, kenaka chinakakonzedwa ku New York mu 1943 n'kumenya nkhondo ku mbali ya Angerezi omwewo.

Anthu ambiri padziko, komabe, amamudziwa Richelieu kudzera m'nthano. Buku la Alexandre Dumas la mu 1844 lonena za asilikali atatu a mfumu linamujambula ngati munthu wa mkanjo wofiira wotchera misampha, ndipo mafilimu ochokera m'bukuli anamudetsa kuposa mmene Dumas mwini anachitira. Olemba mbiri a ku France a m'zaka za m'ma 1800 anamukweza ngati tate wa umodzi wa dziko, pamene ambiri a ku Germany anamuimba mlandu wotalikitsa nkhondo imene inasakaza dziko lawo ndi kulisiya logawikana. Akatswiri a masiku ano amachepetsa mbali zonse ziwiri, ponena kuti sanapange boma latsopano kuchokera pachabe, koma ankalamulira kudzera mwa abale ndi anthu ake amene anawadzaza m'maudindo, monga ankachitira akuluakulu ena onse a nthawi yake. Ine ndikuona kuti kuchepetsako kuli ndi malire ake, pakuti ena onsewo ankagwiritsa ntchito abale pofuna kulanda gawo la mphamvu za mfumu, pamene iye anagwiritsa ntchito abale ake pozisonkhanitsa.

Ngakhale mtembo wake sunapume. Mu Disembala 1793, pa nthawi ya kusintha kwa boma, manda a ku Sorbonne anatsegulidwa ndipo mutu wake unadulidwa n'kubedwa. Unayenda m'manja mwa anthu wamba kwa zaka zoposa 70, mpaka unabwezedwa ndi kuikidwanso m'tchalitchimo mu 1866. Nyumba yake yaikulu ya ku Richelieu inagulitsidwa kwa wamalonda amene anaigumula n'kumagulitsa miyala yake, ndipo zithunzi ndi ziboliboli zake zinamwazikira m'nyumba zosungiramo zakale. Duke womaliza, amene anamwalira mu 1952 wopanda mwana, anali atapereka kale malo amene panali nyumbayo ku yunivesite ya Paris mu 1930. Tauni ija ilipo, ndi anthu osafika 2,000, zipata zake zakale ndi msewu waukulu wowongoka wokhala ndi nyumba 28 zofanana, zimene zinamangidwa ndi anthu ofuna kukondweretsa Kadinala ndipo ambiri a iwo anazisiya atangomva za imfa yake. Msewuwo umathera pa chipata cha paki, ndipo kuseri kwa chipatacho, pamene panali nyumba ija, pali ngalande zamadzi, mitengo ndi munda wa maluwa.